Kulumikiza rauta ya m'nyumba ku antena ya intaneti ya padenga

Kampani yopereka intaneti yopanda nthambo ikamaliza kumangirira antena padenga la nyumba yanu, intaneti imakhala yafika pakhomo koma isanalowe m'zipinda. Kachipangizo koyera kamene kali pamwambapo kamalankhulana ndi mlongoti wa kampaniyo, umene ungakhale pa mtunda wa makilomita angapo, ndipo zonse zimene kalandira kamazitsitsira m'nyumba kudzera pa nthambo imodzi yokha. Kuti mafoni, makompyuta ndi zipangizo zina zigawane intanetiyo pamafunika rauta, ndipo pakati pa antena ndi rauta pamakhala kabokosi kakang'ono ka magetsi kamene anthu ambiri amangokaona ngati tchaja wamba. M'nyumba zambiri zimene ndathandizako kulumikiza, mavuto amene eni ake ankadandaula nawo, monga intaneti yodukaduka kapena yochedwa, sankachokera kumlongoti, koma pa nthambo yotsika padenga ndi pa timabowo tingapo tolowetsamo nthambo. N'chifukwa chake malangizowa akhazikika kwambiri pamenepo.

Dziwani kaye chimene chili padenga

Chimene timachitcha antena kwenikweni ndi wailesi yathunthu yotumiza ndi kulandira, yokhala ndi kakompyuta kake mkati. Makampani monga Ubiquiti, MikroTik, Cambium ndi TP-Link amapanga zipangizo zoterezi, zambiri mwa izo zimagwira ntchito pa 5 GHz, ndipo zimafuna kuonana mwachindunji ndi mlongoti popanda mtengo kapena nyumba yotchinga pakati. Popeza antenayo ndi imene ikugwira kale ntchito ya modemu, simufunika kugula modemu ina. Chimene mukufuna ndi rauta yokhala ndi kabowo kolandirira intaneti kolembedwa WAN kapena Internet, ka kukula kofanana ndi timabowo tina ta LAN, tolumikizira zipangizo za m'nyumba. Rauta yakale ya intaneti yodzera pa nthambo ya lamya, imene kabowo kake kalembedwa DSL kapena ADSL ndipo n'kocheperako, nthawi zambiri siyenera ntchito imeneyi, pokhapokha ngati ili ndi njira yosandutsira kabowo kamodzi ka LAN kukhala ka WAN.

Musanagwire nthambo iliyonse, funsani kampani yanu zinthu zitatu ndipo muzilembe papepala. Choyamba, antena imene yakupatsani imadya mavoliti angati. Chachiwiri, rauta yanu izilandira bwanji adiresi, imene ndi nambala yoizindikiritsa pa intaneti, kaya mwa njira ya DHCP (yongopatsidwa adiresi popanda kulemba kanthu), ya PPPoE (yolowera ndi dzina ndi pasiwedi), kapena adiresi yokhazikika. Chachitatu, antenayo aikonza kuti izingodutsitsa intaneti ngati mlatho, zimene amisiri amati bridge, kapena nayonso ikugwira ntchito ngati rauta. Mayankho atatuwa ndi amene adzakutsogolereni pa zonse zotsatira.

Kabokosi ka PoE

Padenga palibe soketi, choncho antena imalandira magetsi kudzera mu nthambo yomweyo imene imatsitsa intaneti. Luso limeneli limatchedwa PoE, ndipo kabokosi kamene kamathira magetsi mu nthamboyo kali ndi timabowo tiwiri toyandikana, tofanana ndendende maonekedwe. Kena kalembedwa POE, kena LAN, ngakhale opanga ena amalemba Out ndi In, kapena Data+Power ndi Data. Nthambo yochokera padenga imalowa pa POE. Nthambo yaifupi yopita ku rauta imachokera pa LAN n'kukalowa pa WAN ya rauta. Dongosolo lonse ndi limenelo, koma kulakwitsa pamenepa kumawononga zinthu, ndipo ndi bwino kumvetsa chifukwa chake.

PoE ilipo ya mitundu iwiri. Ina imatsatira malamulo a IEEE, bungwe la akatswiri a zamagetsi, monga 802.3af ya mu 2003 imene imatulutsa mpaka mawati 15.4, ndi 802.3at ya mu 2009 imene imafika mawati 30. Mtundu umenewu umayamba wafufuza ngati chipangizo chimene chalumikizidwa chikufunadi magetsi, ndipo ukapeza kuti ndi laputopu wamba sutulutsa kanthu. Koma ma antena ambiri a padenga amagwiritsa ntchito mtundu wachiwiri, wotchedwa passive PoE, umene sufunsa chilichonse. Mukangoulumikiza ku soketi, mavoliti 24 kapena 48 amakhala ali kale pa kabowo ka POE, kudikira chilichonse chimene chingalowetsedwepo. Mukalowetsapo nthambo yopita ku rauta kapena ku laputopu, magetsiwo amapita molunjika ku kabowo kamene sikanapangidwire kulandira magetsi, ndipo kakhoza kupsa nthawi yomweyo. Ndinaonapo rauta yatsopano itafa kabowo ka WAN mwa njira imeneyi, mwini wake atazula nthambo zonse kuti asese kuseri kwa tebulo n'kuzibwezera mosinthanitsa. Magetsi a rautayo ankayaka bwinobwino, Wi-Fi inkaoneka pa mafoni, koma intaneti sinalowenso.

Pa chifukwa chomwecho, musabwereke kabokosi ka PoE ka chipangizo china pongoona kuti kakufanana ndi kanu. Tembenuzani kabokosiko muwerenge zolembedwa kunsi kwake, ndipo muyerekeze ndi zolembedwa pa antena. Kabokosi ka mavoliti 48 kakhoza kuwotcha antena ya mavoliti 24, pomwe ka mavoliti 24 sikangadzutse antena yofuna 48. Onaninso ngati kabokosiko kalembedwa Gigabit, chifukwa timabokosi tina timangodutsitsa 100 Mbps, ndipo ngati mukulipira liwiro loposa pamenepo kabokosi kotereka kadzakhala kakukupanikizani inu osadziwa. Timabokosi tina tili ndi kabatani kobisika ka Reset kamene kamafufuta makonzedwe onse a antena ili padenga. Kameneko musakabaye ngakhale intaneti itavuta motani, chifukwa antena ikaiwala mlongoti wake pafunika kuti mmisiri wa kampani abwere kudzaikonzanso.

Mukamaliza kuwerenga ndime zimenezi, tengani tepi yamtundu wowala mukulunge kumapeto kwa nthambo yochokera padenga, ndipo mumate kachidutswa ka tepi yomweyo pamwamba pa kabowo ka POE. Aliyense wa m'nyumbamo adzadziwa kuti nthambo ya tepi imalowa pa kabowo ka tepi.

Kusankha nthambo ndi njira yake

Nthambo ya Cat5e imakwanira kunyamula 1000 Mbps, ndipo Cat6 ndi yabwinonso, koma chofunika kwambiri si nambala imeneyi. Nthambo yotsika padenga iyenera kukhala yopangidwira panja, yachikopa chakuda cholimba chimene sichiwauka ndi dzuwa. Nthambo yotuwa kapena yabuluu ya m'nyumba ikakhala padzuwa imauma n'kuyamba kung'ambika, madzi amalowa m'ming'alu, ndipo amatsetsereka mkati mwa chikopa mpaka kukatulukira mu kabokosi ka PoE. Ngati n'kotheka sankhani yokhala ndi chophimba chachitsulo mkati, yolembedwa FTP kapena STP, imene ilinso ndi kawaya kopanda chikopa kotayira magetsi osafunika kunthaka.

Chenjerani ndi nthambo yolembedwa CCA. Timawaya take ndi ta aluminiyamu tongopakidwa mkuwa kunja, ndipo aluminiyamu sadutsitsa magetsi bwino ngati mkuwa. Pa nthambo yaitali mavoliti amatsika asanafike padenga, antena n'kumazima ndi kuyakanso yokha makamaka pamene ikugwira ntchito yambiri, ndipo inu mumangoona intaneti ikuduka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kangapo patsiku. Timawaya timeneti timathyokanso msanga. Kuti mudziwe, sendani kawaya kamodzi ndipo mukapale ndi mpeni. Kakaoneka koyera ngati siliva mkati, si mkuwa weniweni.

Utali wonse kuchokera pa antena kufika pa rauta usapitirire mamita 100, kuwerengera pamodzi nthambo ya padenga ndi kanthambo kakafupi kochokera pa kabokosi ka PoE, chifukwa kabokosiko sikawonjezera mphamvu ya uthenga, kamangothira magetsi. Nthamboyo ikhale yathunthu, yopanda mfundo. Kulumikiza zidutswa ziwiri popotana timawaya n'kukulunga tepi, monga mmene ena amachitira ndi mawaya a babu, kumasokoneza kapotedwe ka timawaya kamene kamateteza uthenga, ndipo polumikizirapo ndi pamene madzi amayambira kulowa.

Poyendetsa nthambo, imangirireni ku chitsulo chonyamula antena ndi timalamba takuda tapulasitiki topangidwira panja, mosafinya kwambiri, kuti mphepo isamaikwapulitse pa malata. Pamene ikudutsa m'mphepete mwa lata, ivekeni kachidutswa ka payipi kapena ka hozi, popeza m'mphepete mwa lata mumadula pang'onopang'ono ngati mpeni. Musaipinde mwamphamvu pangodya, ikhote mozungulira. Isayende limodzi ndi mawaya a magetsi a m'nyumba mu payipi imodzi, ndipo ngati iyenera kuwadutsa iwadutse mopingasa.

Pofika polowera m'nyumba pali kanthu kakang'ono kamene kamapulumutsa zipangizo zambiri. Musanalowetse nthambo pabowo, itsitseni kaye pang'ono kupitirira bowolo kenako muikwezenso, kuti ilendewere mokhota ngati chilembo cha U. Madzi a mvula otsetsereka pa nthambo amadonthera pansi pokhotapo m'malo motsatira nthamboyo mpaka m'nyumba. Bowo lenilenilo libooledwe mopendekera, mbali ya kunja ikhale yotsika kuposa ya mkati, ndipo mukalowetsa nthambo mulitseke ndi silikoni. Musanaboole onetsetsani kuti m'khomamo simukudutsa waya wa magetsi kapena payipi ya madzi, makamaka pamwamba ndi pansi pa masoketi ndi masiwichi.

Za padenga ndinenepo mwachidule koma motsindika. Musakwere denga lonyowa, musakwere muli nokha popanda wogwira makwerero, ndipo chitsulo chilichonse chachitali chimene mwanyamula chikhale kutali ndi mawaya a magetsi olowa m'nyumba. Ngati antena yalozetsedwa kale ndi mmisiri wa kampani, musaigwedeze, chifukwa kuipotoza pang'ono chabe kumatha kuchepetsa mphamvu imene ikulandira ndi theka kapena kuposa.

Kumanga mitu ya nthambo

Ngati nthambo mwagula yodulidwa pa mpukutu, mudzafunika kuiveka mitu ya RJ45 mbali zonse ziwiri pogwiritsa ntchito chida chofinyira mitu. Lowetsani kaye nthambo pabowo la khoma musanaveke mutu, kuti bowolo likhale laling'ono. Sendani chikopa chakunja pafupifupi masentimita atatu mosamala kuti mpeni usakhudze timawaya ta mkati. Mudzapeza timawaya 8 topotana tiwiritiwiri. Tipotoleni, tiwongoleni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka tigone mondondozana ngati kaliboni, ndipo mutisanje motsatira dongosolo la T568B kuyambira kumanzere: koyera ka mizere ya olenji, ka olenji, koyera ka mizere yobiriwira, ka buluu, koyera ka mizere ya buluu, kobiriwira, koyera ka mizere ya bulauni, ndipo komaliza ka bulauni. Malo amene ambiri amalakwitsa ndi pakati, pomwe timawaya tiwiri tobiriwira timasiyana n'kukumbatira tiwiri ta buluu. Lilipo dongosolo lina la T568A, limene limasinthanitsa olenji ndi chobiriwira, ndipo nalonso limagwira ntchito, koma mbali zonse ziwiri za nthambo imodzi zitsatire dongosolo limodzi.

Mukasanja, dulani timawayato mowongoka kuti titsale pafupifupi mamilimita 13 kuchokera pamene chikopa chathera. Gwirani mutu wa RJ45 kachokowera kake katayang'ana pansi, timano tagolide tikuyang'ana kumwamba, ndipo kukamwa kwake kukuyang'ana kwa inu. Kankhani timawaya mpaka mutaona nsonga za mkuwa zonse 8 zikunyezimira kutsogolo kwa pulasitiki. Chikopa chakunja chilowe mkati mwa mutuwo kuti chifinyidwe pamodzi, chifukwa mutu umene ukulendewera pa timawaya tokha sukhalitsa. Yang'ananinso mitundu kachiwiri musanafinye, popeza kawaya kamodzi kamakonda kudumphira pa mzere wa kanzake pamene mukukankha. Ngati nthambo ndi yachophimba chachitsulo, gwiritsani ntchito mitu yachitsulo ndipo kawaya kopanda chikopa kaja kagundane ndi chitsulo cha mutuwo.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Pa liwiro la 100 Mbps uthenga umadutsa pa timawaya tinayi tokha, ta nambala 1, 2, 3 ndi 6, ndipo timabokosi tambiri ta passive PoE timatumiza magetsi pa 4 ndi 5 komanso 7 ndi 8. Liwiro la 1000 Mbps limafuna timawaya tonse 8. Choncho mutu umodzi wofinyidwa molakwika ukhoza kubweretsa zizindikiro zosokoneza: antena ikhoza kuyaka koma osatumiza kanthu, kapena intaneti ikhoza kugwira koma osapitirira 100 Mbps. Kachida koyesera nthambo, kamene kamayatsa timagetsi 8 motsatizana, kamakuuzani zimenezi mu masekondi ochepa. Yesani nthambo isanalumikizidwe ku kabokosi ka PoE. Kumbali ya padenga, mukalowetsa mutu mu antena tsekani chivindikiro chake mpaka chilire, ndipo nthambo itulukire kunsi.

Mphezi

Chitsulo chotalika padenga cholumikizidwa ndi nthambo ya mkuwa yolowa m'nyumba ndi njira imene magetsi a m'mlengalenga angadzere. Palibe kachipangizo kakang'ono kamene kangaletse mphezi yogwera pa antena penipeni, koma kuwonongeka kochuluka kumachokera ku mphezi yogwa chapafupi komanso ku magetsi amene amaunjikana pa antena nthawi ya mphepo ndi mabingu, ndipo zimenezi zimatetezeka. Ikani kachipangizo kotchinjiriza nthambo ya Ethernet (yotsika padenga ija) ku magetsi obwera mwadzidzidzi, kogwirizana ndi PoE, pafupi ndi pamene nthambo ikulowera m'nyumba, ndipo waya wake wopita kunthaka akhale wamfupi, wonenepa, ndi wowongoka. Chitsulo chonyamula antena nachonso chilumikizidwe kunthaka. Mawaya onsewa ayenera kukumana ndi waya wa kunthaka wa magetsi a nyumbayo, chifukwa ndodo ziwiri za m'nthaka zosalumikizana zimasiyana mphamvu mphezi ikagwa, ndipo kusiyanako kumadzera mu zipangizo zanu. Gawo limeneli ndi loyenera mmisiri wa magetsi wovomerezeka. Kabokosi ka PoE ka pulagi ya mano atatu kalowe mu soketi imene dzino lake lachitatu ndi lolumikizidwadi kunthaka. Mabingu akayandikira kwambiri, kuzula pulagi ku soketi ndi kuzulanso nthambo ya padenga pa kabowo ka POE ndiko chitetezo chodalirika kuposa china chilichonse.

Kuyatsa ndi kukonza rauta

Lumikizani nthambo zonse magetsi ali ozima. Kenako yatsani kabokosi ka PoE kokha ndipo mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu kuti antena idzuke ndi kupeza mlongoti wake. Musanalowetsepo rauta, ndi nzeru kuyesa ndi laputopu pa kabowo ka LAN ka kabokosiko. Ngati kampani yanu imagwiritsa ntchito DHCP, laputopu idzalandira adiresi ndipo masamba adzatseguka, zimene zikutsimikizirani kuti mbali yonse ya padenga ili bwino. Lembani adiresi imene laputopu yalandira, chifukwa idzafunika posachedwa. Adiresi yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti laputopu sinapatsidwe adiresi ndi aliyense ndipo yangodzipatsa yokha.

Tsopano chotsani laputopu, lowetsani nthamboyo pa WAN ya rauta, ndipo yatsani rauta. Makampani ena amalola chipangizo chimodzi chokha ndipo amakumbukira nambala ya MAC (nambala yozindikiritsa imene chipangizo chilichonse chimabwera nayo) ya chimene chinayamba kulumikizidwa, choncho rauta ikakanika kulandira adiresi, zimitsani kabokosi ka PoE kwa kanthawi n'kukayatsanso, ndipo zikakanikabe pemphani kampani ilembetse nambala ya MAC ya rauta yanu. Lumikizani laputopu pa kabowo kalikonse ka LAN ka rauta ndipo mutsegule tsamba lake la makonzedwe polemba adiresi imene ili pa chizindikiro cha kunsi kwake. Marauta ambiri amagwiritsa ntchito 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo a MikroTik amabwera ndi 192.168.88.1. Chinthu choyamba kuchita m'menemo ndi kusintha pasiwedi yolowera pa tsambalo, imene ndi yosiyana ndi pasiwedi ya Wi-Fi.

Pa gawo la WAN kapena Internet sankhani njira imene kampani inakuuzani. Ngati ndi DHCP, imene marauta ena amailemba Dynamic IP, palibe china cholemba. Ngati ndi PPPoE, lembani dzina ndi pasiwedi zimene munapatsidwa mosamala zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo pa malo olembedwa MTU pakhale 1492 pokhapokha kampani itanena nambala ina. Ngati ndi adiresi yokhazikika, mudzalemba adiresiyo, subnet mask, gateway ndi DNS ndendende monga zalembedwera.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri ngakhale nthambo zonse zili m'malo mwake. Rauta imaima pakati pa magulu awiri a ma adiresi, la kunja pa WAN ndi la m'nyumba pa LAN, ndipo magulu awiriwa sayenera kufanana. Tiyerekeze kuti laputopu ija inalandira 192.168.1.50 kuchokera ku antena, ndipo rauta yanu nayonso imagawa ma adiresi oyamba ndi 192.168.1 m'nyumba. Rautayo siidziwa kuti uthenga wopita ku 192.168.1.1 uupereke kunja kapena mkati, ndipo intaneti siyenda ngakhale timagetsi tonse tikuyaka bwino. Marauta ena atsopano amazindikira zimenezi n'kudzisintha okha, koma ambiri satero. Mankhwala ake ndi kusintha adiresi ya LAN ya rauta kukhala ya gulu lina, mwachitsanzo 192.168.50.1, kusunga, ndi kulowanso pa tsamba la makonzedwe ndi adiresi yatsopanoyo. Kusintha kumeneku kuli ndi phindu linanso, chifukwa ma antena ambiri a Ubiquiti amabwera ndi adiresi ya 192.168.1.20, ndipo mukachoka m'gulu limenelo simudzawombana nawo.

Funso lachitatu lija, loti antena ndi mlatho kapena rauta, limagwira ntchito pano. Ngati adiresi ya WAN ya rauta yanu ikuyamba ndi 192.168, ndi 10, kapena ili pakati pa 172.16 ndi 172.31, ndiye kuti kutsogolo kwanu kuli rauta ina imene ikumasulira kale ma adiresi, ndipo yanu ikumasuliranso kachiwiri. Amisiri amati double NAT. Pa kuwerenga masamba, kuonera mavidiyo ndi kuimba foni za pa intaneti, zimenezi kawirikawiri sizivuta, ndipo ine sindilimbikitsa munthu kusokoneza dongosolo limene likuyenda bwino. Zimavuta pamene mukufuna kuona makamera a panyumba muli kutali, kapena pa masewera ena a pa intaneti. Zikatero mukhoza kupempha kampani isandutse antena kukhala mlatho, kapena kusandutsa rauta yanu kukhala yongofalitsa Wi-Fi. Marauta ambiri ali ndi posankha Access Point. Pa imene ilibe, zimitsani DHCP ya rautayo, ipatseni adiresi ya m'gulu la antena imene sikugwiritsidwa ntchito ndi chipangizo china, ndipo nthambo yochokera pa kabokosi ka PoE muichotse pa WAN n'kuilowetsa pa LAN. Koma adiresi ya WAN ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kumasulirako kukuchitikira ku kampani komweko, kumene makasitomala ambiri akugawana adiresi imodzi ya kunja, ndipo palibe chimene mungasinthe m'nyumba kupatula kupempha adiresi yanuyanu.

Wi-Fi ya m'nyumba

Rauta siyenera kukhala pomwe nthambo yalowera. Kanthambo kochokera pa kabokosi ka PoE kakhoza kukhala katali, bola malire a mamita 100 aja asapyoledwe, choncho ikani rauta chapakati pa nyumba, pamalo okwera ndi oonekera, osati m'kabati kapena kuseri kwa wailesi yakanema. Tetezani Wi-Fi ndi WPA2 kapena WPA3, pasiwedi ikhale yaitali, ndipo WPS, njira yolumikizira zipangizo popanda kulemba pasiwedi, muizimitse. Pa 2.4 GHz sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11. Pa 5 GHz kumbukirani kuti antena ya padenga mwina ikulankhulanso m'dera lomwelo, ndipo rauta yoikidwa kudenga pafupi nayo pa tchanelo chofanana ikhoza kuisokoneza. Funsani kampani tchanelo imene antena ikugwiritsa ntchito ndipo musankhe yotalikirana nayo. Ngati mukufuna intaneti izigwirabe magetsi akazima, chosungira magetsi chanu chidyetse zonse ziwiri, rauta ndi kabokosi ka PoE, chifukwa rauta yoyaka yokha imangofalitsa Wi-Fi yopanda kanthu.

Intaneti ikasiya kugwira

Yambani kufufuza kuchokera pamene muli kupita kudenga, chinthu chimodzi pa nthawi. Onani kagetsi ka pa kabokosi ka PoE. Kakakhala kozima, vuto ndi soketi kapena kabokosiko. Kakamaphethira kapena kuzima mukangolowetsa nthambo ya padenga, n'kuyakanso mukaizula, nthamboyo yagundanitsa timawaya penapake, ndipo kawirikawiri ndi madzi amene alowa mu mutu wa padenga. Zulani mutu wa pansi muuyang'ane pafupi: timano tobiriwira kapena takuda, kapena kadontho ka madzi mkati mwa pulasitiki, ndi umboni wokwanira. Kenako onani kagetsi ka WAN pa rauta, ndipo kakakhala kozima sinthani kanthambo kakafupi ndi kena kamene mukudziwa kuti n'kabwino.

Timagetsi tonse tikakhala bwino, tsegulani tsamba la rauta muone ngati WAN ili ndi adiresi. Kuchokera pa laputopu yolumikizidwa ndi nthambo, gwiritsani ntchito lamulo la ping, limene limatumiza kauthenga ku adiresi n'kudikira yankho, pa adiresi ya rauta, kenako pa gateway (adiresi ya khomo lotulukira ku intaneti) imene yalembedwa pa WAN, kenako pa 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Pamene mayankho alekera ndi pamene pali vuto. Manambalawa akamayankha koma masamba osatseguka ndi mayina awo, vuto ndi DNS, imene imasandutsa mayina a masamba kukhala ma adiresi a manambala, ndipo mukhoza kulemba manambala awiri omwewo pa malo a DNS mu rauta. Liwiro liyesedwe ndi nthambo, osati pa Wi-Fi, kuti musaimbe mlandu mlongoti pa vuto la makoma a nyumba yanu.

Zikaoneka kuti vuto lili pakati pa antena ndi mlongoti, pemphani kampani ikuwerengereni mphamvu imene antena yanu ikulandira. Nambalayi imakhala ya dBm ndipo ili ndi kamzere kochotsera kutsogolo, choncho -60 ndi yamphamvu kuposa -75, ndipo kutsika kulikonse kwa 3 dB kukutanthauza kuti mphamvu yachepa ndi theka. Ndi bwino kufunsa nambala imeneyi tsiku loyamba lomwe n'kuilemba pa pepala lija, pamodzi ndi mavoliti ndi ma adiresi, n'kulimata pafupi ndi rauta. Ikadzatsika pakapita miyezi, tulukani panja muyang'ane kumene antena yaloza, chifukwa mwina mphepo yaipotoza, mabawuti amasuka, kapena mtengo umene unali waufupi pa tsiku loimangirira tsopano wakula n'kutchinga njira. Poimbira kampani, auzeni kuti mwayesa ndi laputopu mwachindunji pa kabowo ka LAN ka kabokosi ka PoE, muwauze adiresi imene mwalandira ndi pamene ping yalekera kuyankha, kuti adziwe ngati atumize mmisiri ndi makwerero kapena akonze ali komweko.